Tcheni chouma cha kabaza chipatsidwe ulemu

Mwa oyimba onse a m'boma la Salima, wonyozeka kwambiri ndi tcheni cha njinga ya kabaza chimene sichinalawe girizi chiyambire chilimwe. Chimayimba kuyambira mbandakucha pa msewu wafumbi wopita ku Kuti, kumalo osungirako nyama kumene alendo amapalasa njinga pakati pa mbidzi ndi mphalapala popeza kulibe mikango, koma malipiro ake n'kutukwanidwa basi. Wokwera amangodandaula kuti, "Achimwene, kodi oyilo anakwera mtengo chotani?" Wofunsa chonchiyu sadziwa kuti wakhalira keliyala ya chida chimene akatswiri a ku Germany anachithera zaka ndi ndalama kuti achitsanzire.

Mu 1970, mumzinda wa Düsseldorf, Ralf Hütter ndi Florian Schneider anayambitsa gulu la Kraftwerk, ndipo posakhalitsa anaika pambali gitala ndi ng'oma zachikopa n'kuyamba kuyimba ndi makina. Nkhani za nyimbo zawo sizinali za kusweka mtima. Mu 1974 anatulutsa Autobahn, nyimbo ya mphindi zoposa 22 yonena za kuyenda pa msewu waukulu. Mu 1977 anayimba za sitima mu Trans-Europe Express, ndipo mu 1983 anafika pa njinga ndi nyimbo ya Tour de France. M'nyimbo imeneyi muli wefuwefu wa munthu wopalasa ndi kulira kwa tcheni, zojambulidwa mosamala kwambiri. Hütter mwiniwakeyo, njinga inamulowa m'magazi mpaka anachita nayo ngozi n'kugonekedwa m'chipatala. Tsono zimene iwo anazisaka mu situdiyo yawo ya Kling Klang, mnyamata wa kabaza amazipereka zonse pa ulendo umodzi: pedulo yakumanzere ikuti kwii, mudigadi yomangidwa ndi waya ikuyankha kuti khwe, sipoko yoduka ikugogoda pa nthawi yake, iye akupuma mumchenga atanyamula mayi ndi thumba la chimanga. Achijeremani aja analandira Grammy ya ntchito ya moyo wonse mu 2014. Tcheni chathu sichinaitanidwepo ngakhale ku Sand Music Festival pa gombe la Livingstonia pomwepa.

Ena ati nyimbo yopanda mawu si nyimbo. Koma mawu a Kraftwerk ndi angati? Ndi ochepa, obwerezabwereza, nthawi zambiri odutsa m'makina osintha liwu kuti amveke ngati a loboti, otchula manambala, makompyuta ndi mayina a mizinda. Wakabaza naye ali ndi mawu ake atatu kapena anayi, kuitana wokwera, kutchula mtengo, kupempha njira, ndipo amawabwereza tsiku lonse osasintha nkhope. Ena ati n'zobowa chifukwa kamvekedwe kake n'kamodzimodzi. Kubwereza komweko ndiko kumene Afrika Bambaataa anatapa mu 1982 popanga Planet Rock ku New York, ndiko kumene anyamata a ku Detroit anamangirapo techno, ndipo mdzukulu wake ndiye amagwedeza masipika a m'mabala a ku Senga Bay usiku wonse popanda wodandaula.

Chotsutsa cholemera ndi chakuti njinga si ya magetsi, choncho siingalowe m'banja limeneli. Apa mpamene tcheni chimapambana. Magetsi akathima, Kraftwerk imasanduka amuna anayi oima chilili mumdima, pamene tcheni chimangofuna nsima ya dzulo m'mimba mwa wopalasa. Chimbale chawo cha 1978, The Man-Machine, chinkalota munthu ndi makina atasanduka chinthu chimodzi. Pa msewu wa ku Kuti zimenezi zinatheka kale, moti tcheni chikaduka banja lonse limagona ndi njala.

Otsala ndi aja anzeru amene amati phokosoli si luso, ndi umphawi chabe, ndipo dontho limodzi la oyilo wakuda wotsala m'galaja lingathetse zonse. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake boma liyenera kuchenjera. Tsiku limene wakabaza adzapeze ndalama yokwanira ufa, fizi ya mwana ndi girizi pamodzi, Salima idzataya gulu lake lalikulu la oyimba. Mwamwayi, mmene mitengo ya zinthu ikuyendera pa msika, ngozi imeneyi sili pafupi.