Njira Yachidule Yochotsera Mano Onse 32 Osalipira Dokotala

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32. Achuluka. Nsima yake iti yofuna mano onsewo? Ngati nanunso mwatopa nawo, musavutike ndi kukazulitsa. Chiseyeye chimagwira ntchito imeneyi mwaulere, bola muchipatse mpata.

Mswachi uja upumitseni. Madokotala amati tizitsuka mano kawiri pa tsiku, kwa mphindi ziwiri, ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Mphindi ziwiri zathunthu! Minibasi ikudikirani? Inu ingochukuchani madzi, lavulani, basi. Usiku ndiye musayerekeze n'komwe. Zotsalira za mandasi ndi Sobo zigone nanu, pajatu tizilombo ta m'kamwa natonso timafuna mgonero, ndipo munthu akagona malovu amachepa, choncho palibe wotisokoneza. Litsiro loterera limene tizilomboti timasiya m'mphepete mwa nkhama likakhalitsa limauma gwa ngati simenti, moti mswachi sulithanso. Pamenepo maziko mwamanga.

Nkhama zikayamba kutupa, malovu n'kumatuluka ofiira, nenani kuti mswachi ndi wolimba, kapena kuti kuntchito wina akukuyendani pansi. Koma chenjerani, apa m'pamene ambiri amalephera. Matendawa akadali pamenepa amatha mosavuta: kutsuka bwino, kukapalitsa simenti ija kuchipatala, nkhama n'kuchira. Ndiye musapiteko. Pirirani mpaka atsikire pansi, ayambe kudya fupa limene lagwira dzino. Fupalo likadyeka silimeranso lokha. Ubwino wake, nthawi zambiri sizipweteka. Mudzangoona mano akutalika, kenako akugwedera ngati mitengo ya mpanda wodyedwa ndi chiswe.

Ofuna kufulumira asute fodya. Fodya ndi mnzanu wosunga chinsinsi: amachepetsa magazi otuluka m'nkhama, inu n'kumati zonse zili bwino pamene pansi pakugumuka. Odwala shuga asiye kumwa mankhwala mwandondomeko, chifukwa shuga ndi chiseyeye ndi pachibale, wina akakwera amakoka mnzake.

Zoti mswachi uzisinthidwa miyezi itatu iliyonse n'za anthu owononga ndalama. Wanga wina ndinakhala nawo mpaka unachita kuyala ngati tsache lakale, ndipo tinasiyana mwaulemu. Chotsekulira mabotolo musagule, mano alipo.

Phindu limabwera msanga. M'minibasi yodzaza, mukangoti "muli bwanji", mpando wonse ndi wanu. Komanso simudzakhala nokha: bungwe la WHO limati anthu oposa 1 biliyoni padziko lonse ali ndi matenda aakulu a nkhama. Ndi chipani chiti chili ndi mamembala ochuluka chonchi?

Mano akatha, phala likukudikirani, m'mawa, masana ndi madzulo. Chimanga chowotcha ndi nzimbe zija muzitipatsa ife.