Nkhuyu za m'botolo

Agogo ena a kumudzi atafika ku Area 25 mu Lilongwe kudzaona chidzukulu chobadwa kumene, anangoponda phazi limodzi pabalaza n'kuyetsemula katatu motsatizana. Mpongozi wawo anali atadzuka kusanache kukonzekera mlendo wolemekezekayo. Pansi anapaka polishi mpaka munthu kumadzionera nkhope pasimenti. Makatani ndi matewera anazitsukuluza m'madzi ofewetsa zovala aja ambiri amangowatchula kuti Sta-soft. Kuchimbudzi anapachikako kambulu konunkhira, ndipo atamva hutala pageti anathamanga n'kupopera nyumba yonse mankhwala a fungo la maluwa. Mazenera anali otseka onse, kuopa fumbi, komanso kuti fungo logula ndi ndalama lingathawire kwa aneba ulere.

"Apongozi," anatero agogowo akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, "kodi muno mwafera chiyani chimene mukubisa?"

"Ayi amayi, ameneyu ndi lavenda."

"Lavendayo ngwa kwa yani?"

Makolo anasiya mwambi woti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene anakulira kufupi ndi mtsinje amaidziwa nkhuyu yakupsa. Imafiira modolola, imafewa mogwetsa malovu, koma ukangoing'amba pakati tizilombo timabalalika ngati mavenda aona galimoto ya khonsolo. Akatswiri a zomera amati tambiri mwa tizilomboti si nyerere ayi, ndi timavu tating'onoting'ono timene timathandiza mkuyu kubereka, koma mlandu umenewo tiusiyire a sukulu. Kale mwambiwu unkathandiza ankhoswe pochenjeza mnyamata wotengeka ndi nkhope, kapena mtsikana wokomedwa ndi suti yobwereka. Lero wapeza ganyu ina pa shelefu ya m'golosale, pamene pandandalika mabotolo ojambulidwa maluwa, mandimu, mapiri ndi mafunde a nyanja.

Munthu amene anadzipereka kung'amba nkhuyu zimenezi ndi Anne Steinemann, pulofesa yemwe panthawiyo anali pa yunivesite ya Washington mumzinda wa Seattle ku America. Iye ndi anzake anatenga zinthu zonunkhira 25 zimene zinkayenda malonda kwambiri: zopopera m'nyumba, sopo wochapira, zofewetsa zovala, zotsukira ndi zodzola. Anazitengera ku labotale n'kuyeza mpweya umene unkatulukamo. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2011 zinaonetsa mitundu 133 ya makemikolo ouluka, pafupifupi 17 pa chinthu chilichonse. Mwa mitundu imeneyi, 24 malamulo a dzikolo amaiika m'gulu la zapoizoni kapena zoopsa. Nanga yolembedwa pa mabotolo inali ingati? Umodzi wokha. Ina yonse inabisala, yambiri kuseri kwa liwu limodzi lachingerezi lotanthauza fungo, pakuti lamulo limalola kampani kusunga chinsinsi cha kasakanizidwe kake, monga sing'anga saulula mtengo umene wakumbako muzu. Pafupifupi theka la zinthuzo zinkadzitama kuti n'zachilengedwe. Pa makina oyezera sizinasiyane ndi zinzake.

Kemikolo amene anapezeka kwambiri ndi limonene, yemwe ndiye fungo la khungu la lalanje ndi ndimu. Payekha ndi mwana wabwino; aliyense wosenda nachesi amamupuma osadwala. Chimamuwononga ndi anzake oyenda nawo. Akakumana ndi ozone, mpweya umene umalowa m'nyumba kuchokera panja, awiriwa amabereka formaldehyde pamodzi ndi tinthu tosaoneka ndi maso timene timatsetsereka mpaka m'kati mwa mapapo. Formaldehyde ndi uja amasungunulidwa m'madzi n'kukhala mankhwala okonzera thupi la malemu kumochale kuti lisawonongeke msanga. Mu 2004 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linamuika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu.

Ndiye kuti funso la agogo lija silinaphonye kwenikweni.

Mu 2016 Alastair Lewis wa pa yunivesite ya York ku England, mogwirizana ndi a BBC, anayeza mpweya m'nyumba 6 za mumzindawo. Limonene anachuluka m'nyumba zimene eni ake ankakonda makandulo onunkhira ndi zotsukira zonunkhira. Nyumba zamakono za kumeneko amazimanga zomata ponseponse kuti kutentha kusathawe m'nyengo yozizira, ndipo chimene chalowa chimachedwa kutuluka. Amalonda atamva anthu akudandaula za utsi wa makandulo, anabweretsa phula lonunkhira losungunula ndi magetsi, lopanda lawi, n'kumati ili ndiye labwino. Mu 2025 ofufuza a pa yunivesite ya Purdue analiyesa m'kanyumba kawo koyeserera, ndipo anapeza kuti fungo lake likakumana ndi ozone limapanga tinthu tija tochuluka mofanana ndi kandulo yoyaka, sitovu ya gasi, ngakhale injini ya dizilo. Safunsa wakale anadya phula. Mdzukulu wake akulipuma, atalipiranso.

Ku zochapa nako kuli nkhani. Sopo waufa ndi zofewetsa zovala za masiku ano sizipikisananso pa kuyeretsa kokha, zimapikisana pa kuti fungo la ndani likhalitsa. Zina amaziika timibulu tosaoneka timene timamatirira pa ulusi n'kumaphulika pang'onopang'ono munthu akamakhuza chovala. Choncho madzi otsukuluzira, amene ntchito yake inali kuchotsa zotsalira, asanduka oikira zotsalira. Wamkulu amavula shati akafika kunyumba, koma khanda limagona usiku wonse mphuno ili pa shawelo. Abale amene ali ku Manchester kapena ku Johannesburg, oumitsa zovala pa makina, ali ndi gawo lawo lapadera. Gulu la Steinemann lomwe lija linayeza mpweya wotuluka pa paipi ya makina oumitsira n'kupezamo makemikolo ouluka oposa 25, ndipo 7 mwa iwo ali pa mndandanda wa zowononga mpweya zoopsa, kuphatikizapo acetaldehyde ndi benzene. Fungo limeneli silithera m'nyumba. Kafukufuku wa mu 2018 wotsogozedwa ndi Brian McDonald anaonetsa kuti ku Los Angeles, mzinda wotchuka ndi mdipiti wa magalimoto, zinthu monga perefyumu, penti, sopo ndi zopopera zikutulutsa makemikolo ouluka ochuluka kulingana ndi a magalimotowo. Mayi woyanika pa chingwe ku Ndirande, amene amadziona wotsalira, dzuwa limamuumitsira ulere ndipo mphepo imamuchotsera fungo lotsala.

Koma chilungamo chiyende. Nyerere za m'nkhuyu sizinaphepo mudzi. Kupeza kemikolo mumpweya n'kosiyana ndi kupeza matenda m'thupi, pakuti chimapweteka ndi kuchuluka kwake ndi kutalika kwa nthawi imene munthu wakhala akupuma. Makampani amati zimene zimatuluka m'mabotolo awo n'zochepa kwambiri, ndipo m'chipinda cholowa mphepo, kwa munthu wathanzi wopopera mwa apo ndi apo, mawu awowo ali ndi mutu. Formaldehyde yemweyo amatulukanso m'mipando ya matabwa omata ndi guluu ndi mu utsi wa fodya. Palibe chifukwa choti munthu athamangire kuchipatala chifukwa anadutsa pafupi ndi kandulo ya fungo la vanila.

Amene amalumidwa msanga amadziwika: odwala mphumu, a mutu waching'alang'ala, a khungu losachedwa kuyabwa, ndi makanda. Steinemann atafunsa anthu ku America, Australia, Britain ndi Sweden, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anati zinthu zonunkhira zimawadwalitsa mutu, chifuwa kapena khungu. Awa anali mayankho a eni ake, osati zoyeza za dokotala, ndipo ena amati chiwerengerocho n'chokokomeza. Ngakhale mutachidula pakati, m'minibasi iliyonse yodzadza muli munthu amene akuvutika chamumtima ndi perefyumu wa mnzake. Mayiko a European Union anafika polamula kuti zonunkhiritsa 26 zodziwika ndi kuyabwitsa zizilembedwa pa botolo ndi mayina ake, ndipo mu 2022 analetsa lilial, wa fungo la maluwa, m'zodzoladzola poopa kuti amasokoneza kubereka.

Nanga bwanji anthu amangowonjezera? Mlandu ndi wa mphuno, imene ndi mlonda waulesi. Fungo latsopano imalikuwira, koma pakapita mphindi zochepa imalizolowera n'kugona. Mwini nyumba amaona ngati botolo latha mphamvu, n'kupoperanso kawiri, pamene mlendo akutsamwa pakhomo. Ulesi womwewu unatsala pang'ono kugwetsa malonda a Febreze, mankhwala amene kampani ya Procter & Gamble inatulutsa m'zaka za m'ma 1990. Muli kemikolo wochokera ku chimanga, wooneka ngati kamphete, amene amakola fungo loipa n'kulitsekera m'kati. Nzeru yake inali yabwino, koma poyamba sanayende malonda, chifukwa anthu a nyumba zonunkha sankadziwa kuti nyumba zawo zikununkha. Kampaniyo inawonjezeramo perefyumu n'kuyamba kuwatsatsa ngati chomalizira ukatha kusesa ndi kukolopa. Apo ndiye anagulidwa ngati zitumbuwa.

Ngakhale kamtengo kapepala kaja kamalendewera pa galasi la matakisi kali ndi mbiri yotere. Anakapanga ndi Julius Sämann ku Watertown m'chigawo cha New York mu 1952, dalaivala wina wonyamula mkaka atamudandaulira za fungo la mkaka wotayikira m'galimoto. Taonani, mkakawo sanaukolope. Anangoupezera mnzake woti azipikisana naye. Mpaka lero ntchito ya zambiri mwa zinthuzi ndi yomweyo: chinyezi chikadali pakhoma, chuku chikadali kuseri kwa kabati, khoswe akadali m'denga momwe anafera, koma mphuno yauzidwa kuti ili m'munda wa maluwa.

Komabe kuno kwathu, wofuna kusaka nyerere asayambire pa botolo la lavenda, chifukwa m'nyumba zambiri muli linthumbu lenileni. Mabanja oposa 9 pa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo WHO inawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba wochokera ku moto wophikira ndi zina zotere unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse. Mbaula yolowetsedwa m'chipinda usiku wa mu June, zitseko zili zotseka, imatulutsa mpweya wopanda fungo ngakhale pang'ono, ndipo umenewo ndiwo umapha anthu ali m'tulo. Koyilo ya udzudzu, ija ena amaiika fungo la maluwa kuti ikome, nayo si yamasewera. Kafukufuku wa mu 2003 pa makoyilo a ku Asia anapeza kuti imodzi ikapsa yonse imatha kutulutsa tinthu ta utsi tofanana ndi ndudu 75 mpaka 137. Malungo ndi oopsa, palibe akutsutsa, koma neti sifuka utsi. Munthu wotaya botolo lopopera n'kumagona pakati pa mbaula ndi koyilo ali ngati wothamangitsa nkhuku pa mphale mbuzi zili m'nkhokwe.

Palinso timibulu toyera tija amayi amaika m'sutikesi kuthamangitsa njenjete ndi mphemvu, tomwe fungo lake ambiri amalitenga ngati fungo la zovala za pa Khirisimasi. Tambiri timapangidwa ndi naphthalene. Kwa mwana wobadwa ndi vuto la m'magazi lotchedwa G6PD, lomwe ndi lofala mu Africa, naphthalene amaswa maselo ofiira a magazi n'kubweretsa chikasu. Shawelo yotuluka m'sutikesi yotere imafunika kuchapidwa ndi kuyanikidwa isanakhudze khanda.

Mwana wa kumudzi sataya nkhuyu chifukwa cha tizilombo. Amaing'amba, amayang'ana, amauzira, kenako amadya. Agogo aja anachita chimodzimodzi ndi nyumba ya mwana wawo. M'mawa mwake, mpongozi asanadzuke, anatsekula mazenera onse mpaka makatani kumavina. Matewera anawatsukuluzanso m'madzi a pampopi n'kuwayanika padzuwa. Mbaula anaitulutsa pakhonde. Pofufuza chimene chinkanunkha kukhitchini, anapeza mbatata ziwiri zowola kuseri kwa thumba la ufa, n'kuzinyamula m'manja kukaonetsa eni nyumba ngati wapolisi wagwira mbava.

"Apongozi, lavenda wanu uja ankalondera awa."

Mpongozi anaseka mwamanyazi, koma botolo sanataye. Analiika pamwamba pa kabati, n'kunena kuti likhale la alendo a kumpingo. Agogo sanatsutse. Anamasula kathumba ka usipa kamene anabwera nako, n'kuyamba kukazinga pakhonde, ndipo kwa masabata awiri amene anakhala pakhomopo, fungo limene aneba onse ankalimva linali limenelo.