Chala chimodzi, nsabwe ndi gulupu yokana kufa

Ukwati wa msuweni wanga unachitika kalekale, mwana woyamba wa banjalo akuyenda kale, koma gulupu ya WhatsApp ya komiti yokonza ukwatiwo idakali moyo. Posachedwapa bambo wina, amene ntchito yake inali yobwereka mipando, anatopa n'kutuluka. Asanapume n'komwe, a adimini anali atamubwezamo, chidzudzulo chili pamwamba: "Abale, tisamatuluke. Chala chimodzi sichiswa nsabwe."

Mwambiwo sindikuutsutsa. Koma a adimini akanayamba ayang'ana dzanja limene ankalembera. Mwana akamaumbika m'mimba, kadzanja kake kamayamba kali kophwatalala, zala zonse zili pamgwirizano wathunthu. Cha pakati pa sabata ya 6 ndi ya 8, maselo a m'mipata amayamba kufa, osadwala, osavulala, kungoti ntchito yawo yatha. Akachoka m'pamene zala zisanu zimaoneka. Amene anamvera malangizo a adimini ndi bakha: kuphazi kwake maselo ambiri a m'mipata satuluka, ndipo sindinamvepo kuti bakha waswa nsabwe.

Imfa yotereyi asayansi amaitcha apoptosis, dzina limene John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie anabweretsa mu 1972 ali ku Aberdeen. Chimene chimandigwira mtima ndi ulemu wake. Selo ikalandira uthenga woti nthawi yakwana, imadzutsa mapuloteni otchedwa caspase, amene amaiduladula m'kati. Imanyala, n'kudzimanga m'timaphukusi, kunja kwake n'kuikapo chizindikiro choitana oidya. Maselo oyeretsa amafika n'kumeza zonse, anansi osamva kanthu. Zikuchitika m'thupi mwanu panopa, maselo mabiliyoni ambirimbiri tsiku lililonse, ndipo palibe anakupemphanipo chipepeso. WhatsApp inafika pa nzeru imeneyi mu 2022, pamene inalola munthu kutuluka mwakachetechete, odziwa akhale a adimini okha. Vuto ndi lomwelo: a adimini amadziwabe.

Pali kufa kwinanso, necrosis, kumene kumadza selo ikapsa, ikavulala kapena magazi akasiya kuifikira. Iyo imafufuma n'kuphulika, zam'kati zonse n'kumwazikira anzake, malowo n'kutupa, kutentha, kupweteka. Ameneyu ndi mayi uja amene asanatuluke amatumiza uthenga wa mawu wautali, kutchula mmodzimmodzi amene anadya ndalama za keke, n'kusiya gulupu ikuyaka mpaka Lamlungu.

Ku Cambridge, John Sulston anadekha pa maikulosikopu kutsata maselo a kanyongolotsi kotchedwa C. elegans, kotalika milimita imodzi yokha. Pa maselo a thupi 1,090 amene kamapanga pokula, 131 amafa, ndipo amakhala omwewomwewo m'kanyongolotsi kalikonse. Robert Horvitz anapeza majini olamula imfayo, ndipo mu 2002 awiriwa pamodzi ndi Sydney Brenner analandira mphoto ya Nobel. Kanyama kopanda mlembi, kopanda malamulo olembedwa, kamadziwa woyenera kutula pansi udindo ndi nthawi yake. Ife tinasankha msungichuma wa ukwati umodzi, mpaka pano akutiitanitsabe zopereka.

Ikanakhala kuti gulupuyo yangokana kufa, bwenzi tikupirira. Koma ikukula. Inasintha dzina kukhala ya chinkhoswe cha mng'ono wa mkwatibwi, kenako ya banki mkhonde, kenako yogulitsirana zitenje ndi mapoto. Yabala ina ya amayi okhaokha, ina ya akuluakulu a komiti, ina yokambirana za anthu a m'gulupu yoyamba. Zonsezi zikuyamwa bandulo imodzi, yanga, ndipo foni yadzaza zithunzi za maluwa ofunirana tsiku labwino moti chilichonse chofunika chikusowa pokhala.

Kufika apa kuseka kumandithera, chifukwa zikachitika m'thupi, dokotala amazitcha khansa. Selo yowonongeka imayenera kudzichotsa yokha. Mlonda wake ndi puloteni yotchedwa p53, imene ikaona kuti DNA yawonongeka mosakonzeka imalamula imfa. Pafupifupi theka la khansa za anthu limapezeka kuti jini ya mlondayu yawonongeka. Kachilombo ka HPV kali ndi ukathyali wakewake: kamapanga puloteni E6, imene imachititsa kuti p53 iphwanyidwe, selo ya pakhomo la chiberekero n'kumangogawikana pamene inayenera kupita. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri padziko lonse.

Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse la Malawi mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Zimandipweteka kuti bodza loti katemerayu amaletsa kubereka limathamanga m'mafoni kuposa uthenga wa achipatala, ndipo olitumiza ndi anthu okonda ana awo. Kwa amayi amene msinkhu wa katemera unawapitirira, njira ndi kukayezetsa. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, malo a maselo okayikitsa amayera, ndipo akawapeza asanasanduke khansa amawawotcha kapena kuwapha ndi kuzizira, popanda kuwanyengerera, mayi n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.