Mmene Mungalembere Buku Lozama Popanda Kuvutitsidwa ndi Owerenga

Inu amene mwangolandira digiri ya udokotala ndipo mukufuna kuti kafukufuku wanu asanduke buku, dziwani kuti mdani wanu wamkulu ndi wowerenga. Wowerenga amafunsa mafunso, amatola chaka cholakwika pakati pa tsamba, ndipo akakhala wa m'mudzi umene munkafufuzamo akhoza kuimirira pagulu n'kunena kuti agogo ake sanatero. Buku lozama ntchito yake ndi yoti komiti yokweza anthu paudindo ilione, mlembi ayambe kutchedwa pulofesa. Choncho luso lonse lagona pa kulisindikiza mwanjira yoti likhalepo ndithu, koma lisapezeke.

Mpanda woyamba ndi chilankhulo, ndipo apa makolo anu m'maphunziro anakulambulirani kale njira. Mu 1937 Mark Hanna Watkins anatulutsa galamala ya Chichewa ku America, atachitapa m'kamwa mwa wophunzira wina wa ku Kasungu amene ankaphunzira ku Chicago, dzina lake Hastings Kamuzu Banda. Bukulo linali la m'Chingerezi. Mu 2004 Sam Mchombo anafotokoza mwakuya kamangidwe ka ziganizo za Chichewa m'buku la Cambridge University Press, m'Chingerezinso. Ngati Chichewa chenichenicho chimafotokozedwa m'chinenero cha eni, inu ndinu yani kuti mulembe za fodya kapena za chinamwali m'mawu oti anamkungwi n'kumva? Onani mwayi umene unagwera nyimbo za pamtondo. Amayi a m'boma la Blantyre ankaimba za njala ya 1949 akusinja, ndipo Megan Vaughan anazitenga monga umboni m'buku lake la 1987, buku labwino zedi lomwe akatswiri amalitamanda mpaka lero. Nyimbozo zinakwera ndege, zinafika ku Cambridge, zikukhala pamalo opanda fumbi. Zidzukulu za oimbawo zikafuna kudziwa zimene anaimba agogo awo, ziyambe zakhoza kaye Chingerezi cha MSCE, kenako zifunefune bukulo.

Chingerezi chokha sichikwanira, poti masiku ano ngakhale wogulitsa mayunitsi pamsika amachiwerenga. Chisakeni cholimba, cha mawu oti lilime lipindike. Mutu wa buku ukhale ndi zigawo ziwiri: choyamba chokometsera ngati dzina la nyimbo, chachiwiri chachitali chokhala ndi zaka ziwiri kumapeto. Masamba makumi asanu oyambirira muwapereke kwa anzeru a ku France amene sanaonepo khasu, mlimi wa ku Ntchisi adzatulukire m'mutu wachinayi, owerenga ofooka atagona kale.

Mpanda wachiwiri, womwe ndi wolimba kuposa yonse, ndi mtengo. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndiye pitani kwa osindikiza akunja: Brill ya ku Leiden imene inayamba mu 1683, Routledge, Palgrave Macmillan, kapena a ku Oxford. Adzatumiza zolemba zanu kwa ounika awiri osadziwika mayina, mudzadikira miyezi, wina adzati mufupikitse, mnzakeyo adzati mutalikitse ndipo mutchulemo mabuku ake. Pirirani. Mphoto yake ndi buku la chikuto cholimba, ndipo mabuku otere kawirikawiri mtengo wake umafika mapaundi 100 kapena kuposa, chifukwa amasindikizidwa ochepa, ogula ake n'kukhala malaibulale a mayunivesite olemera. Ndalama ya kwacha inakuthandizaninso mu Novembala 2023 pamene inatsika mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Kuyambira pamenepo mphunzitsi wa pulaimale amene angalakelake buku lanu ayenera kusankha pakati pa ilo ndi matumba a feteleza, ndipo ndi munthu wanzeru, adzasankha bwino.

Ena adzakutsutsani kuti Chingerezi ndi osindikiza akunja ndiwo amafikitsa nkhani zathu kudziko lonse, ndiponso kuti kuunika kwawo kumachotsa mankhusu. Zoona zimenezo, musakane. Mbiri ya John Chilembwe inamveka kutali chifukwa cha buku la George Shepperson ndi Thomas Price la 1958, losindikizidwa ku Edinburgh. Koma samalani, anthu oterewa akatha pamenepo amawonjeza kuti palibe choletsa buku lomwelo kutulukanso kuno motchipa, kapena kulifupikitsa m'Chichewa. Apo ndiye atseketseni pakamwa. Auzeni kuti kumasulira kumadya nthawi, ndipo sizimveka kuti wina wakwezedwa paudindo chifukwa chakuti azakhali ake amvetsa zimene analemba. Enanso adzakuuzani za kuika buku pa intaneti kuti aliyense awerenge ulere. Musachite mantha kwambiri: osindikiza ambiri akuluakulu amafuna mapaundi masauzande angapo kuchokera kwa mlembi kapena omuthandiza asanatsegule chitseko chimenechi, ndipo wowerenga naye adzafunika bandulo ndi magetsi.

Choopsa chenicheni chili pakhomo pompano. Kachere Series, imene inayambira ku Chancellor College ku Zomba m'zaka za m'ma 1990, inayamba khalidwe losindikiza mabuku a kafukufuku pamtengo woti m'busa kapena wophunzira n'kugula, ena mwa iwo m'Chichewa chimene. Ku Mzuzu a Mzuni Press ndi a Luviri Press anatengera matenda omwewo. Kuwonjeza apo, bungwe la African Books Collective limene linakhazikitsidwa mu 1989 limagulitsa kunja mabuku a osindikiza a mu Africa, kotero kuti chodzikanira chanu choti buku la kwathu silidutsa malire chafooka. Ndipo kumbukirani zimene zinamuonekera Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma. Iye analemba Nthondo ndi Mbiri ya Achewa m'chilankhulo cha amayi ake, mwakuti anthu wamba anawerenga, ana asukulu anawerenga, ndipo eni mbiriyo anapeza mpata wotsutsana naye. Choipitsitsa n'chakuti Nthondo anawina mpikisano ndipo T. Cullen Young anamumasulira m'Chingerezi mu 1934, kusonyeza kuti buku likhoza kuyambira kumudzi n'kukafika ku London. Chitsanzo chimenechi musachitchule pamaso pa ophunzira anu.

Buku likatuluka, chitani mwambo wolikhazikitsa mu hotela, mlendo wolemekezeka adule riboni, agule limodzi pamtengo wa ng'ombe, atolankhani ajambule chikuto. Patsamba lothokoza lembani kuti popanda anthu a m'mudzi uja ntchitoyi sikanatheka. Sadzaona, ndiye sadzafunsa kanthu. Makope ochepa aulere amene osindikiza adzakutumizireni muwatsekere mu kabati yagalasi pabalaza, kiyi muziyenda naye m'thumba.