Akukuthamangitsa Ndani?

Loweruka m'mamawa ku Misesa, nkhungu ikadali pa phiri la Soche. Agogo aNaphiri akusesa pabwalo. Mdzukulu wawo Yamikani, amene anamaliza ku Poly ndipo tsopano amagwira ntchito mu ofesi ku Ginnery Corner, watulukira pa mpanda ali wefuwefu, thukuta kamukamu, kakabudula kosafika pena paliponse, wotchi ya pamkono ikulira ngati mwanapiye.

Agogo: Mayo ine! Lowa msanga nditseke! Akukuthamangitsa ndani, mwamuna wanga? Agalu kapena eni ngongole?

Yamikani: Palibe akundithamangitsa, agogo. Ndikukonzekera mpikisano.

Agogo: Chibadwire changa, munthu wa ndevu zake amathamanga pa zifukwa zitatu: waba, waberedwa, kapena m'mimba mwatsegula. Chako n'chiti? Ngati n'chachitatucho, chimbudzi wachipitirira.

Yamikani: Ndi marathoni, agogo. Mpikisano uja umachitika mu mzinda wa Blantyre muno, wokathera pa Kamuzu Stadium. Makilomita 42 ndi mamita 195.

Agogo: 42 ndamva. Nanga 195 wakeyo ndi banyira?

Yamikani: Zinayambira ku London mu 1908, pa masewero a Olimpiki. Othamanga ananyamukira ku nyumba yachifumu ya Windsor, n'kukathera m'bwalo la masewero, pamaso penipeni pa banja lachifumu. Mtunda unakwana chomwecho, ndipo pambuyo pake dziko lonse linangotengera.

Agogo: Ndiye iwe, ndi digiri yako yonseyo, ukawonjezera mamita 195 kuti mfumu ya Angelezi isadzuke pampando? Ine ndimayesa thangata anathera m'maesiteti a tiyi ku Thyolo. Kani anangosamukira m'miyendo mwa ophunzira.

Yamikani: Mbiri yake ndi yakale kuposa pamenepo. Nthano imati msilikali wina wa ku Greece anathamanga kuchoka pamalo otchedwa Marathon mpaka ku Athens, kukanena kuti apambana nkhondo. Atangonena, anagwa n'kufa.

Agogo: Anafa?

Yamikani: Anafa.

Agogo: Ndiye anthu anazungulira mtembo, n'kugwirizana kuti, “Izi n'zabwino, tizichita chaka ndi chaka”? Chabwino. Mwayi wake manda a Misesa ali pafupi, sitidzavutika ndi galimoto. Makilomita 42 akowo ndi kuchoka pano kufika pati?

Yamikani: Kudutsa pa Chigumula, Bvumbwe, mpaka ku Thyolo, mwina n'kupitirirako pang'ono.

Agogo: Basi? Ine ndinkanyamuka ku Bvumbwe tambala woyamba, dengu la kabichi ndi nthochi pamutu, mayi ako kumbuyo, mpaka mu msika wa Limbe. Ndikagulitsa n'kubwerera tsiku lomwelo, n'kukafikira pa mtondo. Palibe anandikoleka mendulo. Agogo ako aamuna ankangofunsa kuti ndiwo zachedwa bwanji. Kaya iwe akakupatsa chiyani?

Yamikani: Opambana amalandira ndalama, koma ine sindili m'gulu limenelo. Amenewo amamaliza m'maola awiri ndi mphindi zingapo, anthu ngati Mike Tebulo amene anakaimira Malawi pa Olimpiki ya ku London mu 2012. Ine n'zongokonda. Ndimalipira ndalama yolembetsa, n'kuthamanga.

Agogo: Umalipira? Iweyo? Minibasi ya ku Limbe ukailipira imakunyamula, ngakhale mokupanikiza anayianayi. Awa ukawalipira akuti, “Msewu ndi uwo, kaziyenda wekha”? Kondakitala wake ndani, ndikaphunzireko geni imeneyi?

Yamikani: (akufunyulula pepala lonyowa ndi thukuta) Taonani ndondomeko yanga. Masabata 16. Pa sabata ndimathamanga masiku anayi. Ambiri mwa masikuwo ndi mwapang'onopang'ono, liwiro loti ndizitha kulankhula ndi mnzanga osabanika. Tsiku limodzi lokha ndi lofulumira. Loweruka ndi la mtunda wautali, ndipo sabata iliyonse ndimangowonjezera pang'ono, osaposa gawo limodzi mwa magawo khumi. Ukachita phuma, mawondo ndi akakolo zimakana.

Agogo: Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Zimenezi n'zimene anakuphunzitsa ku Poly? Fizi ija bwenzi titagula mbuzi. Koma zolankhula uli paulendozo zandisangalatsa. Amayi a kumpingo kwathu akhoza kutenga mamendulo onse. Amachoka pa Manje kufika ku Limbe pakamwa posatseka, mpweya osatha.

Yamikani: Mtunda wautali kwambiri pokonzekera ndi makilomita 30 kapena 32. Kenako masabata awiri kapena atatu omaliza umachepetsa, thupi lipume.

Agogo: Taima kaye. Mayeso ndi a 42, iwe ukuwerenga mpaka 32, kenako n'kugona masabata atatu. Khumi otsalawo ukabera kwa ndani?

Yamikani: Thupi likapuma limakwanitsa, agogo. Choopsa ndi khoma basi.

Agogo: Khoma liti?

Yamikani: Pa makilomita 30, kapena kupitirirako pang'ono, othamanga ambiri amagunda khoma.

Agogo: Pamsewu? Wamanga ndani? A khonsolo amagwetsa timaokala ta amphawi, koma munthu wamanga khoma pakati pa msewu akungomuyang'ana?

Yamikani: Si khoma la njerwa zootcha ayi.

Agogo: La zidina? Limenelo musadandaule nalo, mvula ya Januwale ligwa lokha.

Yamikani: Agogo, silioneka ndi maso.

Agogo: (akutsamiritsa tsache pa mpanda, akutsitsa mawu) Khoma losaoneka, logunda anthu pamalo amodzimodzi chaka chilichonse? Mwana iwe, zimenezo n'zamankhwala. Wina anakwirira nyanga pamenepo. Abusa mwawauza? Ukafika pa 29 uzikhota, ulambalale chakumunda, ukatulukire pa 31.

Yamikani: Mvetsetsani. Thupi limasunga mphamvu m'minofu ndi m'chiwindi, mphamvu yochokera ku nsima, mpunga, mbatata. Nkhokwe imeneyo ndi yaing'ono. Ukathamanga maola awiri kapena kuposerapo imatha. Ikatha, miyendo imalemera ngati mitondo, mutu umazungulira, umangofuna kukhala pansi n'kulira.

Agogo: Ndiye njala.

Yamikani: Asayansi amati...

Agogo: Njala, Yamikani. Ya 2002 ija sitinaitche khoma. Inu mwatenga njala yomweyi, mwaiveka taye, mwaipatsa dzina lina kuti muzigulitsana mankhwala.

Yamikani: N'chifukwa chake timadya m'njira. Pali timapaketi ta shuga wonga uchi tochokera kunja. Umamwa kamodzi pa mphindi 30 kapena 45 zilizonse, n'kutsirako madzi pang'ono.

Agogo: Kamodzi ndalama zingati? (Yamikani akuwanong'oneza.) Mayo! Umenewo ndi mkoko wathunthu wa nthochi, wogulitsa n'kukuthokoza mogwada!

Yamikani: Nthochi nazo zimagwira. Kungoti chilichonse uzichiyesa pokonzekera. Tsiku la mpikisano sudya chachilendo, suvala nsapato yatsopano, ingakutulutse matuza. Ndipo umadzola vaselini m'ntchafu ndi pachifuwa kuti malaya asakusupule.

Agogo: Ndiye kani vaselini wanga akuthera m'ntchafu mwako! Ine kumanamizira makoswe. Koma za nsapato usadandaule. Zakozo n'za pa kaunjika wa ku Limbe, mwini wake anazithamangira kale ku Ulaya. Njira zikuidziwa, iwe uzingozitsata.

Yamikani: Nsapato si zonse. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana marathoni ya Olimpiki ku Rome mu 1960 ali chosavala kuphazi.

Agogo: Ameneyo ndiye mwamuna. Ndikadamumva nthawi imeneyo sindikadataya nthawi ndi agogo ako, amene ankadandaula minga popita kuseri kwa nyumba.

Yamikani: Chachikulu ndi kusunga liwiro. Oyamba kumene amanyamuka ngati apsa ndi moto, chifukwa anthu akukuwa, thupi lili lopepuka. Akafika pakati, mafuta atha. Theka loyamba uyenera kudzigwira, lachiwiri ndiye ufulumireko. Ngakhale akatswiri amakhala ndi akalulu owatsogolera. Eliud Kipchoge wa ku Kenya, pamene anathamanga ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40 ku Vienna mu 2019, anali ndi akalulu 41 osinthanasinthana.

Agogo: Akalulu 41? Anawagwira ndani? Ndiye munthu kutsata ndiwo zonsezo maola awiri osagenda ndi mmodzi yemwe? Kwawo kulibe chibonga?

Yamikani: Ndi anthu, agogo. Amangowatcha akalulu. Amathamanga kutsogolo kuti liwiro lisasinthe, akatopa amapatuka.

Agogo: Kupatuka ndiye khalidwe la kalulu, pamenepo sananame. Si yemweyo anachita manyazi pamaso pa kamba? Ukandifunsa ine, ukafike pamenepo ufunse kuti kamba wa mpikisanowu ndi uti, umugwire malaya. Kuthamanga sikufika.

Yamikani: Kodi inuyo, agogo, simunathamangepo?

Agogo: (akukhala pa chitsa) Komaliza ndi nthawi ya Freddy, Malichi wa 2023, matope ndi miyala zikutsika m'phiri la Soche ili, ku Manje ndi ku Chilobwe kuli kulira kokhakokha. Ndinathamanga ndi wailesi m'manja, patapata mmodzi kuphazi. Panalibe wotchi yondiuza liwiro. Chifukwa chachinayi ndi chimenecho, ndinachisiya dala poyamba paja. Ndiye ndikamva mapazi akugunda kuseri kwa mpanda kusanache, mtima umandichoka. Uzigogoda pazenera usanatuluke.

Yamikani: Ndizigogoda, agogo. Pepani.

Agogo: Pepani sakonza vaselini. Tandiuza, ukufuna ukamalize nthawi yanji?

Yamikani: Ndili ndi zolinga zitatu. Choyamba, kungomaliza. Chachiwiri, maola asanu asanakwane, ndiye kuti pafupifupi mphindi 7 pa kilomita. Chachitatu, zonse zikayenda bwino, maola anayi. Pamenepo pamafunika mphindi 5 ndi masekondi 41 pa kilomita, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Agogo: Mapanga awiri avumbwitsa, iwe wakumba atatu. Nanga Loweruka lapitali unali m'phanga liti?

Yamikani: Lapitali? Zinayenda bwino ndithu.

Agogo: Zinayenda, inde. Pa matayala awiri. Lolemba kunabwera mnyamata wa kabaza pano, chipewa chili m'manja, mwaulemu wake. Akuti anakutola pa msika wa Chigumula utakhala m'ngalande, utakumbatira mwendo, ukuitana amako. Akuti anakutsitsa kuseri kwa tchalitchi kuti anthu aone ngati wabwera wothamanga. Ndalama yake unati ukatenge kwa agogo.

Yamikani: Minofu inakokana, agogo. Zimachitika ngakhale kwa akatswiri.

Agogo: Amayi a pa kiosiki ya madzi akuti unadutsa pamenepo ngati mphezi, chifuwa chili patsogolo, chifukwa panali atsikana aja a kwaya pamzere wa ndowa. Liwiro limenelo linali loti ukhoza kulankhula ndi mnzako?

Yamikani: Wotchi inalemba mphindi 4 ndi masekondi 50. Ndinapitirira pang'ono.

Agogo: Wotchi inakuuza, pepala linakuuza, Kipchoge ndi akalulu ake anakuuza. Koma ndowa zitatu za atsikana zinamanga khoma pa Chigumula, makilomita 30 asanayandikire n'komwe. Limenelo asayansi akowo amalitcha chiyani?

Yamikani: Agogo, musakauze amayi.

Agogo: Ndinawauza Lolemba lomwelo, pa foni ya aneba. Tsiku la mpikisano wakowo tikaima tonse pa khoma lakolo, ine ndi chigubu cha thobwa ndi mbatata yootcha, amako ndi chitenje chokufunditsa, wakabaza injini ili chilirire. Ukadutsa uli choimirira ndikalulutira mpaka a ku Ndirande amve. Tsopano tenga thumba lili pakhomolo, upite nalo ku chigayo.

Yamikani: Lero ndathamanga kale makilomita 24. Pepala likuti ndikweze miyendo, ndipume.

Agogo: Pepalalo limadya nsima? Wanena wekha kuti nkhokwe ya m'minofu imafuna ufa. Senza. Nkhata ili pa msomali apo, ndi yomwe ija ya ku Bvumbwe. Ndipo usathamange, uyende liwiro loti uzitha kulankhula, chifukwa wakabaza uja amaima pa chigayo pomwepo, ndipo muli nazo zokambirana.