Galimoto Zonyezimira za ku Feira

Msewu wa D145, wochoka pa Luangwa Bridge kutsikira ku boma la Feira, usanathiridwe phula, munthu ukafika kuno matayala onse anayi ali m'malo mwake unkathokoza Mulungu. Za utoto zinali za anthu a ku Lusaka. Lero aliyense amene watulutsa Corolla yake pa Nakonde wasanduka katswiri wa polishi, ndipo pansi pa mlambe pamene kale pankakambidwa za mvula ndi njovu zodya chimanga, pano mkangano ndi umodzi: kupukuta ndi manja, kapena ndi makina?

*

Mphunzitsi wina wa mbali za ku Katondwe ndi wa chipani cha manja. Anagula chitini cha wax, nawerenga mtengo wokha, malangizo nkuwasiya. Pachitinipo amalemba kuti upake pamthunzi, chitsulo chili chozizira, kachigawo kamodzikamodzi, nkupukuta kusanaume gwaa. Iwo anapaka galimoto yonse, denga ndi boneti yomwe, masana a Okutobala, mwezi umene kuno kutentha kumapitirira madigiri 40. Atatero anakalowa m'nyumba kukadya nsima.

Potuluka anapeza Corolla yawo yakuda ili mbuu. Mayi wina wopita kumsika ndi dengu la masau anaima nkufunsa mwaulemu wonse: "Aphunzitsi, kodi mwanayu walowa chinamwali? Bwanji simunatiuze tikonze mphatso?"

Anapala mpaka dzuwa kulowa. Mawa lake ana a giredi 6 anaona zachilendo, masamu akulembedwa pa bolodi ndi dzanja lamanzere.

*

A chipani cha makina ali ndi ngwazi yawo, mnyamata wowotcherera zitsulo. Anaona pa foni momwe anzake a ku Johannesburg amawalitsira galimoto, nati: "Chinthuchi ndili nacho kale." Anatenga grinder yake yodulira zitsulo za mawindo, nkumangirirapo siponji.

Apa ndiime pang'ono. Makina enieni opukutira amayendetsedwa pa maulendo 1,000 kapena 2,000 pa mphindi, pamene grinder yaing'ono imazungulira maulendo oposa 10,000. Utoto wa galimoto za masiku ano uli m'magawo atatu: pansi pali primer, pakati mtundu umene mumauona, pamwamba kakhungu koonekera mkati kotchedwa clear coat, kamene kupyapyala kwake sikafika ngakhale pa pepala la m'kope. Polishi amawalitsa pochotsako pang'ono kakhunguko kuti mikwingwirima ifanane ndi malo ena onse. Kakatha, katha, sikameranso.

Mwini galimoto ya Noah imene mnyamatayo ankapukuta anapita kukagula zakumwa. Pobwera anapeza m'mphepete mwa boneti mukutuluka kautsi, ndi mabala atatu, lina lotuwa, lina lofika pa chitsulo chenicheni.

"Achimwene, mwatani galimoto yanga?"

"Abwana, khazikani mtima pansi. Galimoto yanuyi inali ndi mitundu itatu, inu mumangodziwa umodzi. Ine ndakuonetsani yonse, ndipo mtengo sindikweza."

*

Alamu anga a ku Lusaka ndiwo anabwera ndi makina enieni, okhala ndi kabuku kake, mu 2024, chaka chija chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi nkumazima maola ambirimbiri m'dziko lonse. Anayamba mbali yakumanzere, ndipo chilungamo chinenedwe, inawala. Utoto umene dzuwa la m'chigwa linaupha mpaka kumasiya ufa m'manja ukaukhudza unabwerera mwakale, ntchito imene mkono wa munthu ungaigwire sabata yathunthu osaimaliza. Atangozungulira kuti ayambe mbali yakumanja, magetsi thii.

Tchuthi chinatha magetsi ndi alamu asanakumanenso. Masiku onsewo galimoto inkaimikidwa mbali yowala italoza kumsewu. Kutchalitchi ankayamba adutsa chipata, nkukatembenukira patsogolo, kuti polowa anthu aone mbali yoyenera. Apongozi awo, amene nyumba yawo ili kumanja kwa msewu, mpaka lero amanena kuti mkamwini wawo ali ndi galimoto ziwiri, ndipo kwa iwo amabwera ndi yakale.

*

Musaganize kuti manja ndi oyera. Kumtsinje kuli anyamata otsuka galimoto, ndipo ntchito yawo ndi yachangu kuposa ya makina alionse, chifukwa diso limodzi limakhala pa galimoto, lina pa madzi. Ng'ona za mu Luangwa ndi Zambezi sizifunsa ngati wamaliza. Nsanza ndi imodzi: imayamba matayala, nkugwa pamchenga, nkukutumulidwa kamodzi, kenako ulendo wa pa boneti. Sopo ndi yemwe uja wochapira zovala, amene amachotsa wax yense amene mwini wake anavutika kupaka Loweruka lapitalo.

Galimoto ikauma, dzuwa nkuiwomba, pamaoneka timizere tozungulirazungulira pa chitseko chilichonse. Mkulu wina atafunsa, mnyamata anayang'anitsitsa, napukusa mutu: "Amdala, awa ndi maluwa a ku Japan. Galimoto zotchipa sizikhala nawo."

Ine mukandifunsa, wax ndi wa manja. Kupaka kansalu kofewa pa Corolla sikufuna magetsi, ndipo dzanja likalakwitsa limalakwitsa pang'onopang'ono, munthu nkupeza mpata wokuwa. Makina asiyireni utoto wakufa ndi munthu amene anaphunzirira pa chitseko cha galimoto yophwasuka. Koma onse awiri, wa manja ndi wa makina, ayambe achotsa mchenga. Izi ndikazinena pansi pa mlambe, chipani chilichonse chimati ndagulidwa ndi chinzake.

*

Pa Luangwa Bridge, mlatho wa zingwe uja wa 1968, mayi wogulitsa madengu ndi nsomba zouma anamva dalaivala wa Canter akudzitama kuti wax wake ndi carnauba, wochokera ku masamba a mtengo wa ku Brazil, wa banja limodzi ndi mlaza.

"Ndiye mukuti azungu amakanda masamba a mlaza nkukugulitsani m'chitini?"

"Eya, mayi."

"Ife tikungolukira madengu? Nanga fungo la nsomba m'galimotomo, a ku Brazil ananenapo chiyani?"

*

Gogo wina wa kwa Mphuka anamva chisoni kuona mdzukulu wake akutuluka thukuta ndi timabotolo todula ta polishi. Pakhonde pawo pamawala kuposa galimoto iliyonse m'boma lino, ndipo chinsinsi chake chili m'chitini cha Cobra wofiira, polishi wapansi. M'mamawa mdzukulu akali mtulo, gogo anagwada pa Spacio yoyera ya mdzukuluyo ndi burashi yawo yapansi, nagwira ntchito ndi chikondi chonse.

Mdzukulu atadzuka anangogwira pakamwa.

"Usathokoze, mwana wa mwana wanga," anatero gogo. "Koma uziuza anthu avule nsapato asanakwere."

*

Mlandu umene unadzaza bwalo la mfumu unali wa mkulu wa bizinesi amene anakapukutitsa Hilux yake yakuda ndi makina ku Lusaka, kwa akatswiri enieni. Anayenda makilomita oposa 300, kudutsa Chongwe ndi Rufunsa, akupewa fumbi la malole, nafika kumudzi galimoto ikuoneka nkhope. Anaiimika pabwalo, nakalowa m'nyumba kukalonjerana ndi abale.

Panadutsa tonde wa aneba. Atayang'ana pa chitseko, anaonamo tonde wina, wa nyanga zofanana ndi zake, akumuyang'ana mwachipongwe pakati pa mbuzi zake zazikazi. Anabwerera m'mbuyo masitepe angapo. Anthu m'nyumba anangomva kuti phuu! Kenako phuu! kachiwiri, pakuti mdani uja, ngakhale anali atapindika nkhope, anali asanathawe.

Kubwalo, mwini galimoto anafuna ndalama za chitseko. Mwini mbuzi anaimirira, nawomba m'manja.

"Mfumu, tonde wanga wakhala akudutsa pa galimoto za m'mudzi muno zaka zonsezi, sanamenyepo ndi imodzi yomwe. Dzulo anapeza tonde mnzake ali m'chitseko. Ndifunse, anamuikamo ndani? Komanso nyanga ya chiweto changa yagwedera."

Mfumu inakhala chete kanthawi, nkunong'onezana ndi nduna zake. Chigamulo chinali chakuti mlandu sungapitirire popanda mboni ziwiri: wa makina uja wa ku Lusaka, ndi tonde wa m'chitseko.