Laisi ndi chambo: mlandu wa lilime langa

Pali mlandu umene ine ndi anzanga a lilime lolemera takhala tikuzengedwa kuyambira ku Sitandade 1, ndipo mpaka lero sunagamulidwe: akuti timapha Chingerezi. Umboni ndiye sukusowa. Yendani kuchokera pa Kamuzu Road mpaka kumchenga wa Senga Bay makutu ali tcheru. Mnyamata wanyamula chambo zitatu pa mlaza, madzi akudontha ku zipsepse, akuthamangira galimoto ya anthu a ku Lilongwe uku akukuwa kuti “fuleshi fishi, bwana”, mawu amene mphunzitsi wa galamala angamve ngati akutsatsa mnofu, osati nsomba yongovuulidwa kumene. M'lesitilanti ya pafupi, mayi wapukuta bolodi ndi chisanza n'kulemba ndi choko kuti lero kuli “lice and chambo”, ndiye kuti nsabwe za ndiwo chambo, koma anthu akudya mpunga wa ku Lifuwu mwamtendere, palibe akudzikanda. Za liwu limene Angerezi amatchulira gombe ndisanenepo zambiri, pakuti ife tikalifupikitsa pang'ono limasanduka chitukwano choti apongozi asamve. Ine ndili m'gulu lomweli, mpando wakutsogolo. Kusiyana kwanga ndi mnyamata wa chambo n'kwakuti iye amalakwitsa mwaufulu, pamene ine ndimalakwitsa nditamanga tayi, ndipo ndikafuna kuoneka wophunzira ndimathira r paliponse ngati mchere wa wophika woledzera, mpaka boma lathu lomwe limasanduka Sarima.

Komabe ndabwera kudzadziteteza, ndipo mfundo yanga ndi imodzi: lilime lathu silisochera, limamvera lamulo, kungoti lamulolo ndi la kwathu. Wolakwitsa chifukwa cha umbuli amalakwitsa mosokonekera, lero uku mawa uko. Ife timalakwitsa mofanana kuyambira ku Chipoka mpaka kwa Khombedza, ngati tinachitira msonkhano. Chichewa chili ndi mavawelo asanu okha, pamene Chingerezi cha ku London chili nawo pafupifupi 20, ndipo anthu 20 akakwera bwato la anthu asanu, ena amakhalirana pamiyendo. N'chifukwa chake “ship” ndi “sheep” kwa ife ndi liwu limodzi, ngakhale china ndi Ilala china chimadya msipu. N'chifukwa chake “hat”, “hut” ndi “heart” zonse ndi hati: chipewa, kanyumba ndi mtima m'thumba limodzi. Lamulo lina n'lakuti phatikizo la Chichewa limathera pa vawelo, ndipo makonsonanti osadziwana saloledwa kugundana popanda mkhalapakati. Mwa njira imeneyi tinapeza buledi, sukulu, supuni, sitolo ndi dalaivala, mawu amene analowa kale m'mabuku ndipo palibe amawaseka. Koma munthu yemweyo angonena buledi mkati mwa chiganizo cha Chingerezi, holo yonse ifa ndi phwete.

Pa l ndi r tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene timanyozekera kwambiri. M'Chichewa awiriwa si anthu awiri, ndi munthu mmodzi wa malaya awiri. Nenani kulira kapena kulila, mwana akulirabe. Tanthauzo silisintha, choncho khutu la Mchewa silinaone chifukwa chowalekanitsira, monga msodzi sataya nthawi kupatsa usipa uliwonse dzina lake. A Chichewa Board, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972, anachita kuika lamulo la kalembedwe kuti r azibwera pambuyo pa e ndi i, ndipo l azikhala kwina konse. Lamulo labwino, koma likulu la dziko lenilenilo, Lilongwe, limaliphwanya dzuwa likuswa mtengo, ndipo liwu loti lilime, chiwalo chimene chili pa mlanduchi, ena amalemba lirime. Apwitikizi atamva dzina la ufumu wa makolo athu analemba Maravi. Ife mu 1964 tinalemba Malawi. Ngati dzina la dziko linabadwira m'chisokonezo chimenechi, ine mukufuna ndichire bwanji? Ndiponso matendawa si athu tokha. Achibale athu amene anakakhazikika ku Harare anapeza Chishona chogubuduza r koma chosowa l, pamene a ku Joni anapeza Chizulu chokonda l. Ajapani, amene amapanga galimoto zimene timadzitama nazo pa msewu wa ku Lilongwe, nawonso ali ndi liwu limodzi pa malo a awiriwa, moti Corolla kwawo amaitchula Karora. Sindinamvepo kuti wina wabweza galimoto chifukwa cha zimenezo.

Wina anena kuti zonsezo tamva, koma chilankhulo chili ndi eni ake, ndipo mlendo amatsata mwambo wa pakhomo pamene wafikira. Ndavomera. Koma eni ake ati? Chingerezi sichinafike kuno pa bwato limodzi. Amishoni amene anatsegula Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876 anali a ku Scotland, anthu ogubuduza r ngati injini ya boti, amene a ku London amawaseka mpaka lero. Amene anakhazikika pa Mvera mu 1889, kumtunda kwathu komweku, anali a Dutch Reformed ochokera ku Cape, kumene Chingerezi chimatuluka pakamwa pozolowera Chibunu. Ku Mua mu 1902 kunafika ansembe a White Fathers, chipani chimene anachiyambitsa ndi Mfalansa. Kuyambira 1963 kunabwera achinyamata a Peace Corps a ku America, amene madzi amawatcha wada. Agogo ndi makolo athu anaphunzira kwa onsewa n'kusakaniza mumphika umodzi, ife n'kudzadya mkute. Ku England komweko, wa ku Liverpool, wa ku Newcastle ndi wa ku London satchula mofanana. Wa ku London amameza r wa m'liwu loti “car”, wa ku Glasgow amamutafuna. Achinyamata ambiri a ku London amati “fink” ndi “free” pofuna kunena “think” ndi “three”, ndendende firii uja tinkakwapulidwira ku pulayimale, ndipo wa ku Dublin amangoti “tree”. Katchulidwe kamene timati n'koyenera, ka pa BBC yakale, kamene Daniel Jones anakaika mu dikishonale yake ya 1917, n'ka kagulu kochepa ka anthu opita ku sukulu zodula za kum'mwera kwa England. Ndiye mukandiuza kuti ndizilankhula ngati mzungu, mundipatsenso nambala ya nyumba yake.

Pamwamba pa izo, Chingerezi sichilemba zimene chimanena. Kalembedwe kake kanayamba kuuma William Caxton atabweretsa makina osindikizira ku England mu 1476, pamene katchulidwe kanali kakali paulendo, ndipo kanapitirira osacheuka. Zotsatira zake ndi zilembo za ulova: k wa mu “knife”, s wa mu “island”, d woyamba wa mu “Wednesday”, onse ali pa pepala osagwira ntchito, ngati mayina a anthu omwalira amene amalandirabe malipiro. Ife tinaleredwa ndi Chichewa choona mtima, mmene chilembo chilichonse chimatuluka thukuta. Chingerezi tinachipeza m'buku, osati pa bere, ndipo mayeso a MSCE amayesa cholembera, osati pakamwa. Choncho Leicester City itatenga ligi mu 2016, m'mashedi oonetsera mpira tinaitcha Leisesita ndi mtima wonse, kulemekeza chilembo chilichonse, pamene eni ake amangoti Lesta, zina zonse n'kutaya ngati matumbo a nsomba. Wolakwa ndani pamenepa, wowerenga zimene zalembedwa kapena wolemba zimene sawerenga?

Chitsutso china n'cholemera, ndipo sindichizemba. Pali malo amene katchulidwe si nthabwala. “Fifteen” ndi “fifty” zikasokonekera pa mtengo wa kampango, wina amalira. Zikasokonekera pa mlingo wa mankhwala, mudzi wonse umalira. Mwana wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza masamu ngati makina. Malamulo a dziko lino amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Pa intavyu, mtsikana wa ku Lifuwu ndi wa ku Area 10 saonedwa mofanana akangotsegula pakamwa. Ndiye mphunzitsi amene amalimbikira kuti ana asiyanitse “pray” ndi “play” sakulakwa ayi, akuwapatsa nkhafi. Koma taonani zimene anachita anthu oopa ngozi zenizeni. Oyendetsa ndege pa dziko lonse, amene kulakwitsa kwawo kulibe apilo, anauzidwa ndi bungwe la ICAO kuti pa wailesi 3 azimutchula “tree”, 5 “fife”, 9 “niner”, chifukwa th wa ku Buckingham amavuta anthu ambiri, ndipo 5 ndi 9 amafanana mawu akamaphwephwera. Moyo utakhala pachiswe, sanafunse kuti wa ku Oxford amati chiyani, anafunsa ngati winayo wamva. Ndi muyeso womwewo umene mnyamata wa chambo amayendera: akaona kuti mlendo wakwinya pamphumi, amatambasula zala, zikakanika amalemba nambala pamchenga ndi chala cha kuphazi, malonda n'kutheka.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mlanduwu umangoyang'ana mbali imodzi. David Livingstone atafika pa nyanja ino mu 1859 anatenga liwu loti nyasa, limene m'Chiyao limangotanthauza nyanja, n'kulemba Lake Nyasa, ndiye kuti Nyanja Nyanja, ndipo dziko lonse linatchedwa Nyasaland kuyambira 1907 mpaka 1964 popanda womudula malikisi. Atsamunda anasandutsa Nkhotakota kukhala Kota Kota, Thyolo kukhala Cholo, Mulanje kukhala Mlanje, n'kusindikiza pa mapu mopanda manyazi. Lero mlendo amawerenga Phiri ngati Firi, mtsinje wa Shire ngati Shaya, liwu loti ng'ombe limamutsamwitsa, ndipo sadziwa kuti mtengo wa pamsika ndi mtengo wa m'nkhalango zimasiyana pa kukweza ndi kutsitsa mawu. Koma angoti “muli bwanji” mokhota ngati mbedza, tonse m'manja, amayi nthungululu, wina kumupatsa dzina la pamudzi pomwepo. M'bale wathu amene wasenza mawu a Chingerezi zikwi zingapo pamwamba pa Chichewa ndi Chiyao, mwinanso ndi Chiarabu cha ku madrasa, akapunthwa pa r mmodzi, kanema wake amazungulira pa WhatsApp sabata yathunthu. Ndipo osekawo si azungu. Mzungu amangofuna nsomba yake. Oseka ndife, amene akuluakulu anatichenjeza kale kuti anyani sasekana zikundu, mwambo umene anyani a m'mapiri a Senga amausunga kuposa ife.

Kusekaku si nkhani ya galamala. Ndi njira yotchipa yodziwitsira anthu kuti enafe tinafika Fomu 4. Ndipo tinatengera kutali. Kamuzu Banda, amene anakhala zaka zambiri ku America ndi ku Britain asanabwerere mu 1958, ankalankhula ndi anthu ake pa misonkhano m'Chingerezi womasulira ali pambali, ndipo mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama kuti ana aphunzire Chilatini, Chigiriki ndi Chingerezi cha m'mphuno kwa aphunzitsi ochokera kunja. Enafe amene sitinaponde kumeneko tinatsala ndi njala yake, ndipo timaithetsa podya anzathu. Ndikunena izi ngati loya wodziwa kuti woimbidwa mlandu ndi iye mwini, ndiponso kuti mawa phungu wina akaterereka pa wailesi potchula liwu la Chingerezi la chisankho, woyamba kugwira nthiti ndidzakhala ine. Ndikatha kuseka ndidzabwerera ku homuweki yanga ya zaka makumi angapo, liwu loti “rural”, limene boma limatitchulira ife a kumudzi m'malipoti ake onse. Lili ndi r awiri ndi l mmodzi, ndipo nthawi iliyonse ndikalitchula, atatuwo amasinthana mipando.